Ndalambula msewu m'mutu mwa kasitomala chifukwa cha makatuni

Aphungu,

Ndine wometa. Ndimagwira ntchito m'babashopu ya achimwene anga, ya mipando iwiri, galasi lalikulu ndi TV yopachika pakona. Ndikulemba ndili ndi chimwemwe, koma chimwemwe chake chabwera ndi kachilema.

Loweruka m'mawa amayi amabwera ndi ana kudzawametetsa, ndipo kale limeneli linali tsiku la nkhondo. Mwana akangomva makina kulira, amayamba kuphiriphitha, mayi agwire miyendo, ine ndigwire mutu. Tsiku lina ndikusintha matchanelo ndinapeza makatuni a zidole, timagalimoto tomanga misewu tomwe timagulitsidwanso m'masitolo. Muli kagiredala kamakani ndi katipa kamantha koopa kuwoloka mlatho. Ana anangoti zii, kukamwa yasa, ine n'kumameta ngati ndikusenda mbatata.

Vuto linabuka pabenchi. Pali azibambo amene amaswera pamenepo, ometetsa ndi osametetsa omwe, kudikira mpira. Mtsogoleri wawo timawatcha a Refa chifukwa sagonja pa mkangano. "Awa si makatuni, ndi malonda," anatero. "Mwana akatuluka muno n'kukalirira chidole, mukamugulira ndinu?" Mnzawo wina, a Makaniko, anati iwo chikuwanyansa ndi bodza, tipa singakwere phiri chonchija itasenza mchenga. Mayi wina anawabweza kuti, "Ndiye mwana wanga achekedwe khutu kuti inu muonere zigoli za dzulo?" Achimwene anagamula kuti benchi ikangoyamba kuchepa anthu, makatuni achoka.

Aphungu, benchi sinachepe, inadzaza! A Makaniko ankabwera kudzatsutsa, mpaka anayamba kulawirira kuopa kuphonya choti atsutse. Mikangano ya mpira inasanduka mikangano ya zidole.

Ndiye Loweruka lapitali mlatho unagumuka mbali imodzi, kagiredala katatsakamira tsidya lina, ndipo woti akakapulumutse anali katipa kamantha kaja. Pampando wanga panali a Refa eniake, ndikuwachepetsa m'mbali monga mwa masiku onse, makina ndili nditachotsa chipeso. Katipa katangoponda mlatho, nyumba yonse inaimirira. A Refa anakuwa, "Pita mwanawe, usayang'ane pansi!" Kanawoloka, anthu n'kuomba m'manja ngati chalowa chigoli. Ine maso ali pa TV, dzanja linapitiriza ntchito lokha. Pomwe ndimati ndione mutu, ndinapeza ndalambula msewu kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

A Refa anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenako anaseka nati, "Ingometa mpala, iwe. Koma sabata yamawa undisungire malo akutsogolo." Anthu anaseka mpaka misozi.

Achimwene okha ndiwo sanaseke. Akuti lero ndi tsitsi, mawa likhala khutu la mwana wa eni, choncho makatuni atha basi. Ndagonjetsa benchi yonse, ndiye ndigonje kwa munthu mmodzi? Ndikawauze chiyani kuti ana asabwerere ku kulira kuja?

Ine wanu,
M.T., wometa wa pafupi ndi depoti

*

Bambo M.T.,

Poyamba landirani ulemu wanu. Makalata okhudza makatuni a zidolewa ndimalandira ambiri, ena akuti amapusitsa ana, ena akuti amawaphunzitsa kulimba mtima, koma yanu ndi yoyamba kubwera ndi umboni wa mpala. Munthu amene wachititsa a Refa kuchemerera chidole, wapambana ndithu, ndipo wina asakulandeni zimenezo.

Komatu achimwene anu akunena zoona, ndiye musapite kwa iwo mutatukumula chifuwa. Wolakwa si katipa, ndi maso anu. Munafuna kumeta ndi kuonera nthawi imodzi, ndipo mukudziwa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Akokereni pambali mukatseka, muvomere kulakwa musanatchule n'komwe za TV. Musawafunse pamaso pa benchi, chifukwa mkulu akagamula pagulu zimamuvuta kubweza mawu pagulu pomwepo.

Mukatero, musapemphe chimanjamanja, bwerani ndi chochita. Itsitseni TV pakonapo, muiike m'munsi pomwe mwana wokhala pampando akuiona bwino koma inu mukaweramira mutu simuiona. Ndipo dziikireni lamulo loti maso akangochoka pamutu, chala chizimitsa makina. Palibe kasitomala amene angakwiye kuti mwaima pang'ono katipa kakuwoloka, iyenso amakhala ali komweko.

A Refa muwamete ulere mpaka tsitsi lawo libwerere mwakale, ndipo muwapemphe kuti akalankhule okha ndi achimwene anu. Mwini mutu akanena kuti makatuni akhale, achimwene anu apeza pobwerera popanda kuchita manyazi. Musaiwalenso kuti mawu awo oyamba aja sanali opanda pake. Makatuniwa anawapangadi kuti zidole zigulidwe, choncho akayamba kutsatsa malonda pakati, tsitsani voliyumu n'kumufunsa mwana zomwe waona. Amayi aja adzakuthokozani podutsa pasitolo.

Ine sindikukayika, makatuni anu abwerera. Achimwene anu akukumbukira bwino phokoso la Loweruka lakale, ndipo salifuna ngati mmene inu simulifunira. Koma likadzafika tsiku loti kagiredala kakugwera m'dzenje, nyumba yonse itaimirira, makina ali m'manja mwanu ndipo pampando pali mwana wa eni, mudzakumbukire chomwe chinawaseketsa a Refa. Anaseka chifukwa tsitsi limamera. Khutu silimera.

Aphungu