Ndinapempha Chilungamo, Kenako Ndinalanda Zenera

Aphungu,

Linali Lolemba, pa 10 Malichi, ndipo m'shopu tinalimo anayi: ine mwini wake, alamu anga amene ndi akulu awo a mayi a kunyumba, a Chimtali osita zovala, ndi telala wina amene timangomuti Abusa chifukwa akamasoka amang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Tsikuli sindiliiwala, poti ndi limene ndinadziputira mavuto ndi pakamwa panga pomwe.

Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma tepi ndi choko ndakalamba nazo, ndipo kudula nsalu m'shopu muno ndi ntchito yanga ndekha. Anzanga amasoka, ine ndimadula.

Mwezi wa Febuluwale kunabwera kasitomala kudzafupikitsa thalauza. Podikira anandionetsa pa foni yake kanema wa bwana wamkulu wa kampani ina ya makompyuta, akufotokoza mmene amatsogolera anthu ake. Chizungu chake chinali chothamanga, koma kasitomalayo ankanditanthauzira. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati munthu wa antchito zikwizikwi, chonsecho ndili nawo atatu, ndipo mmodzi ndi mlamu.

Bwanayo akuti amavala sikipa yakuda tsiku lililonse kuti asataye nthawi posankha zovala. Ndinagula ziwiri. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi nkufunsa kuti, "Bambo, wamwalira ndani?" Akutinso misonkhano yake amachititsa anthu ali chiimire kuti isatalike. Nanenso ndinachotsa benchi. A Chimtali anadandaula kuti, "Bwana, ine ndimaima tsiku lonse ndi simbi. Msonkhano ndiye unali mpando wanga."

Koma chimene chandipweteka ndi ichi. Bwanayo akuti mtsogoleri weniweni amapempha antchito kuti amuuze zolakwa zake pamaso, iye nkuthokoza. Tsono Lolemba lija ndinaimika anthu nkunena kuti, "Aliyense anene chimene ndimalakwitsa. Sindikwiya." Onse anayang'anana. Kenako Abusa anati vuto langa ndi lakuti ndimalimbikira ntchito mopitirira muyeso, ine nkugwedeza mutu ngati ndamva chinthu chowawa. A Chimtali ankawerenga malata kudenga. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndikugona tulo, koma ndinakakamiza: "Nanga alamu, inu mulibe mawu?"

Anachotsa mapini amene anawaluma pakamwa, nkuwabaya pansalu imodziimodzi. "Alamu, mwafunsa nokha. Maso anu atopa. Kolala iliyonse imene mumadula, mbali imodzi imatalika. Mukangotuluka kukadya masana ine ndimatenga sizasi nkukonza, ndipo ndakhala ndikutero chaka chonse chathachi. Gulani magalasi."

Abusa anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Ine ndinati, "Zikomo kwambiri, zimenezi ndi zimene ndimafuna," monga amanenera bwana uja, koma mawu anatuluka ngati ndameza batani.

Aphungu, shopu yathu ili ndi zenera limodzi lokha. Makina a alamu akhala pamenepo chitsegulireni shopu, poti iwo ndi amene amasoka madiresi aukwati ndi ntchito zonse zofuna diso. Lachitatu pa 12 ndinakumbukira kuti bwana uja amasinthasintha pokhala antchito ake kuti asazolowere malo amodzi. Ndinalengeza kuti nafenso tisintha. Makina a alamu anapita kumbuyo, kumdima, pamene a Chimtali amakolezera makala a simbi, ndipo pazenera panabwera tebulo langa lodulira. Wina aliyense sanasunthe ngakhale phazi. Ndinkadziuza kuti umenewu ndiye utsogoleri.

Alamu sanakangane nane. Anangofunsa kuti, "Bwana wanu wa pafoniyo, wonena zoona amamuika kumakala?" Lachisanu anandiuza mwaulemu kuti pa 31 ndi tsiku lawo lomaliza, ndipo ndamva kuti shopu ya kutsidya kwa msewu yakhala ikuwanyengerera kuyambira kale. Kunyumba, mayi anandipatsa madzi osamba m'manja nkundifunsa funso limodzi lokha: "Kodi achemwali ananama?"

Lamlungu nditaweruka kutchalitchi ndinalowa m'shopu ndekha. Ndinadula kolala pazenera pomwepo, dzuwa lili ngwee, nkuipinda pakati. Mbali imodzi inatalika ndi theka la inchi. Ndinanola sizasi nkudula ina. Chimodzimodzi. Ndinafuna kunamizira tepi, koma tepiyo ndi yomwe amagwiritsanso ntchito alamu.

Akachoka, makasitomala a madiresi apita nawo, ndipo makolala anga atulukira poyera. Ndiwawonjezere malipiro? Nditume mayi a kunyumba akawapepese? Kubweza makina pazenera ndikuopa kuti Abusa ndi a Chimtali aziti bwana wagonja. Kasitomala uja akuti pali kanema wina wa bwana yemweyo, wonena za kasungidwe ka antchito aluso. Ndikamuonere?

F. K. D., wa shopu ya zenera limodzi

*

Bambo F. K. D.,

Kanemayo musiyeni kaye. Woyamba uja simunamumalize.

Pa zonse zimene ananena bwana wa makompyuta, chanzeru chinali chimodzi, chopempha kuti akuuzeni zoona, ndipo ndi chokhacho chimene munachichita mwatheka. Kufunsa nkosavuta. Ntchito imayamba mawa lake, pamene antchito akuyang'ana kuti wonena zoona uja chimuchitikire nchiyani. Abusa ndi a Chimtali aona. Lero mutawafunsanso, onse awiri akuuzani kuti mumalimbikira ntchito mopitirira muyeso.

Mukuopa kuti aziti mwagonja? Atelala, anthu amenewo akhala akuona makolala anu akukonzedwa chaka chathunthu. Amene sankadziwa m'shopu monsemo munali inu nokha. Ulemu umene mukuuteteza ankakusungirani ndi alamu anuwo, masana aliwonse, osauza munthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ameneyu anayamba wakubisirani manyazi asanakutsineni.

Mawa mmawa, anthu onse atafika, nyamulani makinawo muwabweze pazenera. A Chimtali agwire mbali imodzi, koma inayo mugwire inu. Musachite zimenezi mozemba shopu isanatsegulidwe, ngati makina ayenda okha. Munawachotsa anthu akuona, muwabweze anthu akuona. Mukatero nenani mawu ochepa: "Alamu, munanena zoona, ine ndinakwiya, ndipo kusintha malo kuja kunali kubwezera." Bwana wa pafoni musamutchulemo. Iye makina sananyamule.

Sabata yomweyi kapimitseni maso. Makolala awiri a Lamlungu aja akuuzani kale kuti zenera silikuthandizani. Podikira magalasi, sizasi ya ntchito zovuta ipite kwa alamu poyera, asamadikirenso kuti mukadye. Ngati ntchito yawo yakula, malipiro akule nayo, koma zimenezo muzikambe tsiku lina. Mukayamba ndi ndalama, iwo amva kuti mukugula pakamwa pawo.

Mayi a kunyumba musawatume. Anakwatiwa ndi inu, komanso anabadwa mimba imodzi ndi munthu amene mwamulakwira, tsono musawaike pakati ngati nsalu pakamwa pa sizasi. Benchi nayo ibwerere, a Chimtali apumitseko miyendo. Masikipa valani pochapa njinga.

Chenjezo langa ndi ili: mutha kuchita zonsezi, alamu nkupitabe kutsidya kwa msewu. Ufulu umenewo ali nawo, ndipo mukawakwiyiranso mudzakhala mwawabweza kumakala kachiwiri. Pepesani chifukwa munalakwa, kaya atsala kaya apita. Ndipo musadzafunsenso munthu kuti akuuzeni zolakwa zanu musanatsimikize kuti mawa lake mudzamusiya pamene anali.

Pa 31 sipatali. Makinawo ndi olemera, choncho idyani kaye musananyamule.

Aphungu