Masamba a pachulu

Okondedwa achimwene a Greyson,

Moni wochokera kuno kumudzi. Kaya inu ndi alamu mukupeza bwanji ndi kuzizira kwa ku Joniko? Ife tili bwino, kupatula bondo langa lija lomwe silimva mankhwala.

Uthenga wanu unandipeza, wakuti ndilande foni imene munagulira mwana wanga Princess ndi kuipereka kwa msuweni wathu Kefasi. Akuti Kefasiyo anakuuzani kuti mtsikanayu amakhalira kukwera chulu ndi azibambo, ponama kuti akukathyola masamba. Ndinaseka, kenako ndinalira, chifukwa mbiri ya mwana wamkazi ikada siyeranso.

Mwaiwala kodi kuti kwathu kuno n'kumalire? Foni ukaiyatsa m'nyumba imagwira netiweki ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha usanawerenge kanthu. Ya kwathu imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa tchalitchi basi.

Princess ndiye anatulukira kuti pa intaneti pali kamuvi koloza pansi. Ukakadina, tsamba lomwe ukuwerengalo limatsalira m'foni, n'kukaliwerengera kunyumba popanda bandulo. Masamba amene amathyolawo ndi amenewo, achimwene, si chisoso ayi!

Anthu ataona, anayamba kubwera ndi timafoni tawo. Vuto linali lakuti akuluakulu akatsika pachulupo sankadziwa komwe tsamba labisala. Iye anawaikira masamba onse pamalo amodzi poonekera, n'kuwakulitsira zilembo, kuti ngakhale wa maso otopa aone.

Azibambo akewo ndikutchulireni. Woyamba ndi a Maliko, mkulu wa mpingo uja, amene amachita kuwakoka dzanja kuti afike pamwamba. Wina ndi a Saidu a golosale ku Kamwendo, amene amabwera ndi akazi awo a Ashura. Amenewo ndiwo zibwenzi za mwana wa mlongo wanu.

Chigodola cha nkhumba chitalowa m'mudzi muno, Princess anandiwerengera tsamba lina tili pakhonde. Linkanena kuti tisalole mlendo kulowa m'khola, ndiponso tisabweretse pakhomo nyama ya nkhumba yogula. Ndinatsatira, anthu akunditcha wamwano. Makola ambiri anatsala pululu, koma nkhumba zathu zija zikulirabe mpaka lero. Za Kefasi zinatha, pakuti iye ankati za m'foni n'zachibwana. Lero chibwanacho akuchifuna m'thumba mwake.

Ndikunena mosabisa, ndikunyada naye mwana ameneyu. Ine amene sukulu ndinalekera Sitandade 4, Lachinayi lapitali ndinaima kumvano n'kuwerengera amayi anzanga za kasungidwe ka mtedza, foni ili m'manja. Princess anali kumbuyo, akubisa nkhope m'chitenje.

Ndinu mwini mbumba, ndipo chibadwire sindinakukanirenipo mawu. Koma ili lokha mundikhululukire: foniyo sindipereka. Chimene ndikupempha n'chakuti mumuimbire mwanayu. Chimvereni zoti amalume ake akumuganizira zoipa, sakudya bwino, ndipo kuchulu wasiya kupita. Dzulo a Maliko anamudikira mpaka dzuwa kuwaotcha.

Kalatayi ndiijambula ndekha ndi foni yomweyo, ndipo kuti ikupezeni ndiyenera kukwera chulu chomwecho ndi bondo langali. Ndiye Kefasi akakuuzani kuti waona mzimayi wina pamwamba pakepo, musavutike kufunsa dzina.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esitele