Mkuyu wa Pamutu Panu

Amayi, kodi kumene muliko mwagona bwanji?

Kuno tilipo. Mtedza chaka chino watuluka matumba asanu ndi anayi, awiri mwa iwo ofumbwa. Mdzukulu wanu Esnati wabereka mwana wamkazi, ndipo zidzukulutudzi zanu zakwana khumi ndi zitatu. Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi mkangano wa ine ndi achimwene a Binisoni.

Abale agwirizana zokumangirani chiliza mvula isanagwe. Zimenezo sindikukana, simenti yanga ndinapereka kale. Vuto ndi mkuyu uli kumutu kwa manda anu. Achimwene akuti mizu yake idzang'amba simenti, choncho aitana munthu wa macheka a injini kuchokera ku Mponela kuti adzaugwetse Loweruka.

Amayi, mumphako ya mkuyuwo muli nang'omba, yakhalira dzira.

Chipumireni pa uphunzitsi ndakhala ndikuwerenga mbalame zimenezi. M'dera lonse, kuyambira kwathu mpaka kumapiri a ku Kasakula, ndimaona gulu limodzi lokha, nang'omba zisanu. Zimalera mwana mmodzi basi, ndipo si chaka chilichonse. Mitengo ikuluikulu inathera m'zigafa za fodya ndi m'makala. Nkhalango yatsala ndi ya kumanda, poti nkhwangwa imaopa inu akufa. Tsono lero nkhwangwayo ikulowa m'dzina lanu!

Munkati mbalame saiyang'ana ndi miyendo, amaiyang'ana ndi makutu. Ndimatsata zomwezo. Ndimakhala pachulu cha kunja kwa manda, nditafunda chitenje chofwifwa, osatsokomola, osaloza chala. Mwezi watha kunabwera alendo a ku Lilongwe ndi makamera aataliatali, akuliza kulira kwa nang'omba pafoni kuti yaikaziyo ituluke aijambule. Ndinawafotokozera kuti dzira likazizira latha, ndipo anazimitsa foni napepesa. Alendo anamva. Mlongo wanga wa bere limodzi ndiye sakumva.

Ndamupempha katatu kuti tidikire kufikira mwana atauluka, kapena chiliza chikhale chaching'ono, mizu tiilambalale. Kachitatuko anandiyankha pamaso pa azilamu kuti sukulu inandizunguza mutu, ndipo ndimakonda mbalame kuposa amene anandibala. Anthu anaseka. Ine amene ndinakusambitsani nthawi yonse ya matenda anu! A zankhalango ndinawapitira, koma akuti mtengo wa kumanda si wawo, tikambirane pachibale.

Ndiye ndatsala ndi njira imodzi, ndipo ndikudana nayo. Loweruka ndikayala mphasa patsinde pa mkuyuwo n'kukhala. Ndikudziwa kuti mkazi salowa kumanda yekha popanda maliro, adzandinena mudzi wonse. Ndikudziwanso kuti ndikayandikira chotero mbalameyo ikhoza kudzidzimuka n'kusiya dzira, ndikhale ine wolipha. Zaka zonsezi sindinadutsepo chulu chija. Koma dzira likatayika zidzaikira lina. Mphako ikagwa zilibe kwina kopita.

Ngati chiliza chichedwa, musandikwiyire. Mwagona popanda simenti zaka zisanu ndi chimodzi, piriraninso miyezi ingapo. Ndikulonjeza kuti chidzamangidwa, ndipo dzina lanu ndidzayang'anira ndekha kuti alilembe molondola.

Loweruka mukamva wina akukhala pansi movutikira chakumutu kwanu, mawondo akulira, musadabwe. Ndine.

Mwana wanu wokukondani,
Etireda