Ndinanola Nsapato za Taonga

Lolemba, 6 Febuluwale 2006

Kuzizira kwa ufiti. Mawondo akulira ngati chitseko chopanda mafuta. Chaka chachitatu muno mu Newcastle, dzuwa ndaliona kasanu, kawiri konse pa TV.

Nkhani ya lero: Taonga wasankhidwa kukayesedwa. Loweruka pa 18, ku Sheffield. Akufuna atsikana a timu ya hoke ya chigawo chonse cha kumpoto. Mdzukulu wanga, mwana wa Edwina wanga, zaka 13 zokha. Pa ayezi amathamanga ngati waba nkhuku.

Masewera akewo mpaka lero amandiseketsa. Kuvala nsapato za mpeni kunsi, ndodo m'manja, kulimbirana kampira kakuda kophwatalala ngati chitini cha polishi. Azungu akasowa chochita! Koma mwanayu akagoletsa, ine ndimakuwa mpaka mano oikira kufuna kutuluka.

Kochi wa timu yake ndi a Michelle. Kochi wamkulu ndine. A Michelle sakudziwa zimenezi.

Lachitatu, 8 Febuluwale

Maphunziro kuseri kwa nyumba akabwera kusukulu. Mabini awiri ndiye golo. Ine goloboyi, khushoni la pa sofa pamimba, chivundikiro cha poto m'manja. Edwina akadzaona khushonilo ndidzati ndi amphaka a aneba.

Phunziro la lero ndi lomwe lija la anyamata opisa m'matumba pa msika wa Limbe. Maso kumanzere, dzanja kumanja. Osayang'ana komwe ukumenyera. Zaka makumi anayi ndinakhala pamsika uja ndikukhoma mbaula ndi kunola mipeni, ndinaona zambiri. Mwana wagwira msanga. Wandigoletsa zisanu ndi zitatu, chachisanu ndi chinayi chandipeza pa msongolo. Ndavina pang'ono. Iye kuseka mpaka kukhala pansi.

Ndimamulankhula Chichewa, amandiyankha Chingerezi cha kuno, chija chomveka ngati munthu akutafuna mbatata yotentha. Timamvana.

Lamlungu, 12 Febuluwale

Kutchalitchi m'mawa, masana pa sitima ya metro kupita ku ayezi. Apambana 4–2, ziwiri za Taonga. Chachiwiricho maso kumanzere ndithu, goloboyi wawo n'kugwera kosakhala mpira. A Michelle akuti, anaziphunzira kuti zimenezi? Ndangokhosomola.

Makolo a anzake amandikonda. Chaka chatha ndinawauza kuti kwathu pamwamba pa phiri la Mulanje pali ayezi, ndipo ine ndinali kaputeni wa timu ya kumeneko, tinkasewera ndi anyani. Za anyani anaseka. Za ukaputeni anakhulupirira. Pano amandiitana Kapiteni Overton, wina amandigulira tiyi. Bodza likakubweretsera tiyi umalisamala.

Mkamwini wanga a Elton akuti tsiku lina ndidzagwidwa. Anthu a makompyuta alibe nthabwala.

Lachinayi, 16 Febuluwale

Atamaliza maphunziro, a Michelle andipatsa nsapato za Taonga m'manja mwangamu. Akuti, Kapiteni, izi zinoledwe lisanafike Loweruka, inu mukudziwa. Akuloza kakantini ka a Stan, bambo wonenepa amene amanola nsapato za ana onse ndi makina.

Makina! Ine ndilipo? Munthu amene ananola mipeni ya mabutchala onse a Limbe, zikwanje, nkhwangwa, malumo a telala, ndikapereke nsapato za mdzukulu wanga kwa munthu wongodina batani?

Ndabwera nazo. Edwina ali ku ntchito ku chipatala, a Elton pa kompyuta. Ine mu shedi, tupa langa lochokera kwathu, ndi mwala.

Kuziyang'anitsitsa, ndagwira pakamwa. Mipeni yake yobuntha, yopingasa, pakati mpaka pochita kukumbika. Ndiye mwanayu wakhala akuthamanga pa zinthu zotere? Nanga ndikamukonzera adzauluka bwanji? Maola awiri. Mbali iyi, mbali iyo, mpaka msonga imodzi yoongoka bwinobwino. Ndayesa pa mkono, yameta cheya. Ndavekanso timaplasitiki take totchingira, ndabwezera m'chikwama.

Sindiuza munthu. Akadzamusankha ndidzaimirira pakati pa anthu ndi kunena ndekha.

Mapaundi asanu okalipira kwa a Stan ndagulira chokoleti cha pa ulendo.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Nsapato zanga zapolishidwa. Jekete la ukwati wa Edwina likukwanabe ndikapanda kupuma. Ndakonza ndi mawu oti ndikanene akabwera a nyuzi.

Loweruka, 18 Febuluwale

Sheffield. Mapiri okhaokha, maola awiri ndi theka pa galimoto.

Atsikana makumi anayi. Oyesa atatu, mapepala m'manja, nkhope ngati a imigireshoni.

Taonga wangoponda pa ayezi, pansi. Wadzuka. Pokhota, pansi. Pofuna kuima, wakagunda khoma. Ndinawerenga mpaka kasanu ndi kawiri, ndasiya. Atsikana ena kumuzungulira ngati mtengo wogwa pamsewu.

Ndinakuwa, limba mtima iwe! Sanacheuke.

Sanamusankhe.

M'galimoto ndinati mwina ayezi wa ku Sheffield ndi wotsetsereka ngati misewu yawo. Palibe anaseka. Chokoleti chikadali m'thumba.

Lachitatu, 22 Febuluwale

Sakupita ku maphunziro. Akuti mutu. Dzulo anati mimba. Mabini ndinawaika, khushoni ndinavala, ndinaima panja ngati chowopsezera mbalame. Sanatuluke.

A Elton akuti anali mantha chabe, zimachitika. Edwina akuti mwina ndi bwino, alimbikire sukulu. Ine ndikuti mipeni inali yakuthwa kwambiri kwa mwana wosazolowera zinthu zabwino. Ndikunena mumtima.

Lachinayi, 23 Febuluwale

Ndinapita ndekha ku ayezi kukamupepesera kwa a Michelle. Akuti sakumvetsa. Zaka zinayi akumuphunzitsa, sanamuonepo akugwa chotere. Akuti pakanakhala chifukwa, matenda kapena chida chowonongeka, akanaimbira oyesa aja kupempha kuti amuonenso. Koma anamufunsa pa foni kawiri, mwana akungoti ndinasewera moipa, basi.

Potuluka ndinaima pa kantini ka a Stan kuti ndiseke nawo makina awo. Anali kunola nsapato ya kamnyamata kena. Ndinati, bwanji simuchotsa kokumbikako pakatipo? Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake galimoto ili ndi mateyala. Anaitembenuza, kundigwiritsa chala. Akuti kangalande ako ndiye ntchito yonse. Kamasiya milomo iwiri, wina uku wina uku. Umodzi wokhotera, wina woimira. Popanda iyo, akuti, ndi bwino kungovala mabotolo kumapazi. Kenako anaseka, akuti, Kapiteni, mwandipezanso ndi nthabwala zanu.

Ndinaseka nawo. Pa metro ndinapitirira siteshoni yathu ziwiri.

Lachisanu, 24 Febuluwale

Ali kusukulu ndinalowa m'chipinda chake. M'chikwama mulibe nsapato. Pansi pa bedi mulibe. Ndazipeza pamwamba pa wadiropu, zokulungidwa m'juzi lakale, zomangidwa ndi lamba wa diresi.

Ndiye akudziwa. Wakhala akudziwa chiyambire Loweruka.

Atabwera ndinamuitanira ku shedi. Ndinaziika pa tebulo. Anaziyang'ana, n'kuyang'ana tupa pakhoma, n'kuyang'ana pansi. Ndinati, bwanji sunanene? Akuti, agogo, ndinakumvani tsiku lija mukuimba muno maola awiri, sindinadziwe kuti mukutani. Nditagwa kachitatu ndinayang'ana kunsi, ndinadziwa. Ndinati, nanga a Michelle? Akuti, anthu onse aja amakutchulani Kapiteni, akanakusekani.

Ndinafunafuna nthabwala, m'mutu mopanda kanthu ngati m'thumba la lova.

Zaka 71. Kutchinjirizidwa ndi mwana amene ndinamusintha matewera.

Loweruka, 25 Febuluwale

Ndawauza pa chakudya cha m'mawa. Edwina anaika kapu pansi, akuti, ababa, inu mulibe tsiku lopuma? Kenako analira, kenako anandikalipira ndi mawu a malemu mayi ake enieni, mpaka ndinacheuka kuona ngati alowa.

A Elton anangopukuta magalasi nthawi yaitali. Akanatukwana zikanandipepukira. Madzulo ndinawamva pa foni akufunsa mtengo wa mipeni yatsopano, n'kunena kuti eee, kawiri.

Ndati ndigulitsa wailesi yanga. Akuti, bambo, wailesiyo ndinakugulirani ndine.

Lamlungu, 26 Febuluwale

Ku ayezi, jekete lomwe lija, pepala la pulasitiki m'manja. Taonga anakana kubwera, akuti sangathe kuonerera.

Ndinapeza a Michelle pamene makolo amamwera tiyi. Ndikanawaitanira pambali, koma ndinati bodza linanenedwa pano, lifere pano. Ndinati, madamu, nsapato zija ndinanola ine, ndi manja. Onse gwedegwede kuseka. Wina mpaka kundimenya paphewa, akuti Kapiteni sakalamba. Ndinabwereza. Kusekanso. Vuto la munthu wanthabwala ndi limeneli, ukhoza kufa anthu akuwomba m'manja.

Ndinatulutsa nsapato. Ndinatulutsa tupa.

A Michelle anayendetsa chala pa mpeni, nkhope n'kufiira. Akuti, koma inu munasewerapo. Ndinati, madamu, pa Mulanje pali mitengo ndi nkhungu. Ayezi ndinayamba kumuona m'botolo la Fanta. Pa bwalo ili sindinapondepo, ndimaopa.

Mayi wina anafunsa ngati anyani aja analipo. Ndinati anyani alipo, koma hoke sasewera.

A Stan anabwera, anatenga nsapato imodzi, kuiyang'ana pa getsi. Akuti zaka makumi awiri sanaonepo chinthu chowonongedwa mwaluso chotere. Anadulira nacho chingwe cha bokosi, chinangoti phwa. Akupempha kuti akachipachike pakhoma. Ndawalola. Munthu usakane chipilala.

A Michelle sanaseke. Akuti mwana uja anatha mphindi makumi anayi pa zinthu izi osatuluka? Ndinati eya. Anatulutsa foni.

Tiyi ndinadzigulira ndekha.

Lachitatu, 1 Malichi

Oyesa akufuna kalata. Ya a Michelle, ndi ya wolakwayo. Ndalemba ndekha ndi Chingerezi changa cha Sitandade 6, cha a hedimasitala a ku Nguludi. Ndayamba ndi "I beg most humbly". Taonga anafuna kukonza masipelo, ndakana. Aone okha kuti munthu wake ndi wotani, akhulupirira msanga. A Stan aikamo chithunzi cha mpeniwo.

Taonga wayambanso maphunziro pa mipeni yatsopano. Kuseri kwa nyumba sanabwerebe. Amandipatsa moni, amandibweretsera madzi, koma kuseka kuja kulibe. Sindikumukakamiza.

Lolemba, 6 Malichi

Palibe yankho. Wa positi wayamba kundithawa, ndimamudikirira pa geti ngati galu.

Ku ayezi pano ndine Overton basi. Bambo wina amati akandiona amabisa makiyi a galimoto kumbuyo, akuti ndingawanole. Iyi ndi yabwino, ndikanakonda ndikanaipeka ndine.

Lachitatu, 8 Malichi

Ayankha! Sakulonjeza kanthu. Timu anasankha kale, koma Loweruka ili ndi maphunziro ku Sheffield komweko. Abwere, amuone mphindi makumi awiri. Akaona chimene a Michelle akunena, amuwonjezera. Akapanda kuona, chaka chamawa.

Edwina waika lamulo. Chikwama cha hoke chizigona m'chipinda chawo, chitseko chokiya. Ndafunsa ngati ndingaloledwe kuchipatsa moni podutsa. Wangoika kiyi m'thumba.

Madzulo ndamva mabini akukokedwa kuseri. Kusuzumira, Taonga, ndodo m'manja. Akuti, agogo, mukuchedwa. Wandigoletsa khumi ndi ziwiri. Sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono, zina amachita kulinga pa msongolo dala. Ndalandira. Chilango chochokera kwa mwini mlandu.

Loweruka, 11 Malichi

Sheffield. Ndikulemba ndili pa benchi, buku pa bondo, chifukwa kuyang'ana sindingathe. Zala zauma. A Elton kumanja kwanga akupukuta magalasi kachinayi. Edwina akupemphera, ndikumva dzina langa, sindikudziwa ngati akundipempherera kapena akundinenera.

Oyesa omwe aja. Wamtali mwa iwo anandiyang'ana polowa, n'kunong'oneza mnzake. Kalata inafika ndithu.

Asanalowe kovalira Taonga anabwera kwa ine. Anachotsa kaplasitiki, kundionetsa mpeni. Akuti, gwirani. Kangalande kalipo, milomo iwiri. Ndinati zili bwino, kochi wavomereza. Akuti, musakuwe lero, chonde. Ndinalonjeza.

Atsikana atuluka, majuzi obiriwira. Wathu yekha la buluu, nambala 14. Waima pakhomo. Akuchedwa. Lowa, mwana wanga, lowa.

Waponda.

Sanagwe. Wakhota, ayezi wachita fumbi, waima nji. Wamtali uja walemba kanthu.

Ampatsa mpira. Wadutsa mmodzi. Wachiwiri. Watsala ndi goloboyi, ndipo ine ndinalonjeza kuti sindi