Dzina lanu likuitanidwabe ku boma

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Mkanda tilipo. Mtedza wa kumunda wanu uja tinakumba, ngakhale chiswe chinatitsogolera. Alongo anu, amalume a Yohane, mwendo ukuwavutabe, moti njinga anaipachika kudenga. Mwana wanu Lusiya anachira, ndi mwana wamwamuna, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija. Tonse tinaseka titaiona.

Koma chimene ndakulemberani n'china. Ntchito inatha, Amayi. Shedi yosankhira mtedza ija anatseka mu Juni, eni ake anapakira masikelo n'kumapita. Tinauzidwa kuti ife ochotsedwa tikalembetse ku ofesi ya zantchito ku boma, kuti tilandireko kangachepe. Ndalama imeneyo ndiyo feteleza wanga wa chaka chino. Ikapanda kubwera, ana anga awiriwa adzadya chiyani, sindikudziwa.

Mukukumbukira mmene ndinalowera ntchito ija. Ndinali ndi zaka sikisitini, iwo ankafuna akuluakulu okhaokha. Munandipatsa chitupa chanu, chithunzi chake chitafufutika, n'kunena kuti, "Tenga, dzina si sopo kuti lingathe." Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse kapitawo akaitana kuti "Anasitaziya Mbewe!" wovomera ndinali ine. Zaka naini. Ngakhale titakuikani m'manda, Lolemba lotsatira ndinayankha kuti "Ndilipo!" maso ali otupa. Manyazi ankandigwira, koma ndinapitiriza zaka ziwiri zathunthu.

Ndiye ndinakwera kabaza mpaka ku boma, ndinaima pamzere, ndinalemba mafomu. Patatha milungu itatu yankho linabwera: pempho lakanidwa, mwini dzina anamwalira. Ndinapsa mtima ndi kompyuta ya muofesimo ngati kuti yanama, pomwe kalata ya imfa yanu wokatenga ndinali ine ndemwe!

Anzanga anati ndichite apilo, kuti pempholo aliunikenso. Ndinapita Lachiwiri lapitali, bodza nditalikonza bwinobwino m'njira. Kalaliki wake ndi bambo wina wofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi. Atatsegula fayilo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, apilotu inalowa kale."

"Walowetsa ndani?"

"Eni ake. Anabwera Lachisanu, amayi achikulire, atafunda nsalu kumutu. Anakhala pabenchi apo mpaka masana osalankhula ndi munthu. Kulemba anati sadziwa, ndiye anadinda chala."

Anandionetsa pepalalo. Amayi, chala chanu ndimachidziwa. Chipsera chija munadzicheka ndi chikwakwa pomweta udzu chinali pompo, kamzere koyera kodula inki pakati. Pepalalo linkanunkha dothi lonyowa, pomwe kuno mvula sinagwe chiyambire Epulo. Ndinafunsa ngati mayiwo ananenapo kanthu.

"Anangoti, 'Mwana wanga anagwira ntchito, mumupatse zake.' Ndinawerama kuti ndidinde sitampa, poweramuka palibe. Chitseko chathuchi chimalira, koma sindinachimve."

Mmene ndinafikira kunyumba sindikukumbuka. Ndinawafotokozera amalume, ndikuyembekeza kuti andiseka. Sanaseke. Anati munthu amene dzina lake likuitanidwa m'mawa uliwonse, wina n'kumavomera, sagona kumandako. Amadzuka kuti akaone akumufuniranji. Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi wokudzutsani ndakhala ndili ine? Ndalira, Amayi. Inu amene munkakonda kunena, mutatsamira khoma la khitchini, kuti, "Tsiku ndidzagone musadzandidzutse, ndatopa nanu." Tinkangoseka.

Mtima wanu ndikuudziwa. Simunkalola kuti munthu adye thukuta la mwana wanu, moti munapita nokha kukawauza. Zikomo. Koma pepani, mwandiikanso m'mavuto, ndipo ndakwiya nanu pang'ono. Apilo adzaimva Lachinayi likubwerali, pamaso pa akuluakulu atatu, ndipo akuti wodinda chala chija adzaonekere yekha. Ndikadzati ndine Anasitaziya, adzandidinditsa chala, ndipo changa chilibe chipsera. Ndikadzanena zoona, mwina ndalamayo yapita, mwinanso adzandiperekeza ku polisi.

Ndasankha. Ndidzanena kuti ndine Tiyanjane, ntchitoyo ndinagwira ndi manja angawa, dzina lokha ndilo ndinabwereka kwa mayi anga. Anzanga awiri a kushedi avomera kudzandichitira umboni, ndi kapitawo yemwe, amene akuti ankadziwa kalekale koma ankangondimvera chisoni. Chimene chidzachitike chichitike.

Pempho langa ndi limodzi. Lachinayi mesenjala akadzaima pakhomo n'kuitana dzina lanu m'khonde muja, chonde musadzayankhe. Ngakhale aitane katatu. Ngakhale muone kuti zikundivuta. Ndikuopa, Amayi. Ndikadzamva mawu anu kumbuyo kwanga, sindidzatha kutembenuka, ndipo pakamwa padzandiuma ndisananene dzina langa.

Ndalama ibwere kapena isabwere, ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndikumangirani chiliza, ngakhale cha njerwa zoumba ndekha. Dzinalo ndidzalilemba pamenepo ndi zilembo zikuluzikulu, kuti likhale pomwe muli eni ake. Sindidzalibwerekanso.

Gonani tsopano. Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane