Thonje la M'munda Mwanu ndi Nsomba za M'galasi

Amayi, kumene munapitako mukudzukako bwanji? Kuno ku Chikwawa dzuwa ndi lomwe lija munalisiya, lotentha moti chishalo cha njinga sichikhalika masana. Ine Zuze ndili bwino, ntchito yanga yokonza njinga paboma ikuyenda, ndipo mpongozi wanu Esinta akupereka moni.

Mwana wanu Marita wachira ku Tengani, ndi mwana wamkazi. Akuti mphuno ndi yanu, koma ine sindinamuone, ndiye sindingachitire umboni. Mapira chaka chino anachita bwino ngakhale mbalame zinatenga gawo lawo. Mbuzi yanu yamakani ija inaswa awiri, ndipo makani yawapatsira onse. Sabata yatha Esinta anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa anaiwala khadi la chipani, anayenda kawiri ulendo umodzi.

Koma chimene chandigwiritsa pensulo lero si zimenezi. Ndi nkhani ya bokosi lanu lagalasi la nsomba, lija anakusiyirani sisitere wachizungu pobwerera kwawo, nthawi imene munkasesa kuchipatala cha mishoni. Anthu ankakusekani kuti mukuweta ndiwo. Inu munkangoti, "Izi si zamumphika, mwananga, ndalonga kale, sindibwerezanso. Izi n'zocheza nazo." M'bokosimo munali matemba anayi ndi nkholokolo imodzi yandevu imene munkaitcha Akalaliki, chifukwa tsiku lonse imangokhala pakona osagwira ntchito.

Maliro anu atatha, ine ndi Marita tinakangana pa bokosi limeneli. Iye ankafuna kupita nalo ku Tengani, akuti ndiye amene ankakuthandizani kusintha madzi. Ine ndinakana. Ndinati galasi lisweka palole, ndiponso ine wa zitsulo ndikudziwa bwino kusamala zinthu. Analira, nandisiyira.

Amayi, sindinkadziwa kuti munkavutika chotere. M'mawa uliwonse kutunga ku Shire, kudikira matope akhale pansi mumtsuko, kuchotsa theka la madzi akale ndi chikho, kuthiramo atsopano pang'onopang'ono. Ine ndinakwanitsa mwezi umodzi. Mvula itayamba, mtsinje unafiira, ndipo madzi a m'bokosi anada moti nsomba tinkangoziona zikagunda galasi. Ndiye ndinaganiza zomanga sefa m'kati mwa bokosi momwemo, kuti madzi azidziyeretsa okha.

Mundimvere mmene ndinachitira, chifukwa apa pokha ndinaganiza bwino. Ndinasamutsira nsomba mubeseni. Ndinadula galasi la windo losweka n'kuliimika chakumapeto kwa bokosi, n'kumata m'mbali ndi phula la njuchi, kuti pakhale kachipinda kopapatiza. Khomalo ndinalifupikitsa pang'ono kuti madzi azisefukiramo pamwamba. M'kachipindamo ndinayala timiyala pansi, kenako makala otsuka, kenako mchenga. Magetsi tilibe, ndiye ndinatenga chubu chakale cha lole, n'kuchipopa ndi pampu ya njinga. Mpweya umatuluka pang'onopang'ono m'kapaipi kopyapyala, ndipo thovu lake limakankha madzi osefedwa kubwerera kumene kuli nsomba. Ndikapopa m'mawa, chimagwira mpaka dzuwa kupendeka. Esinta ataona anaomba m'manja, chinthu chimene sachitachita.

Panatsala kupeza chofewa choyala pamwamba pa mchenga kuti chizigwira matope. Apa m'pamene ndinakumbukira kathumba ka thonje kamene tinasunga kuchokera m'munda mwanu, zokolola zanu zomaliza, kamene sitinapite nako kumsika. Ndinati m'mtima, thonje la amayi lisefe madzi a nsomba za amayi. Ndinalichotsa njere ndi manja angawa, ndikumva kukoma ngati ndikukuchitirani chinthu chachikulu.

Sindinaganize za mankhwala. Ndine ndemwe ndinkapopera munda umenewo mlungu ndi mlungu inu mutayamba kudwala, ndipo kathumbako kanakhala miyezi yonseyi pakona limodzi ndi chopopera ndiponso zitini zake. Ife a kuno fungo limenelo tinalizolowera, sitilimvanso. Inu munkandiletsa ngakhale kugwira chikho cha nsomba ndikachokera kumunda. Munkati, "Kasambe kaye, manja akowo akununkha imfa." Ndinkayesa ndi ukhondo chabe wa anthu a kuchipatala.

Madzi anayera mbee, kuposa mmene munawaonerapo. Ndinabwezeramo nsomba m'mawa n'kupita kuntchito monyada. Masana Esinta anabwera akuthamanga, chitenje chili m'manja. "Bambo a kunyumba, tiyeni, nsomba za mayi zikuzungulira ngati zaledzera!" Pofika ine, matemba atatu anali atatembenuka kale. Lotsalalo linafera m'dzanja langa. Akalaliki anali gone chammbali pansi, makha awo opumira akupita mofulumira. Powanyamula analira kaliridwe kawo kaja ka nkholokolo, ndipo ine, bambo wamkulu ndevu pepeya, ndinalira nawo.

Tinawaika mumtsuko wa madzi akumwa. Bokosi ndinalitsuka katatu, mchenga ndi makala ndinataya zonse n'kuikamo zatsopano, ndipo m'malo mwa thonje ndinayala kansalu kakale kophikidwa m'madzi otentha. Matemba aja sitinawapatse mphaka. Esinta anawakwirira kuseri kwa nyumba osandifunsa, ndipo ndinamuthokoza.

Masiku asanu Akalaliki sanadye. Ndinkawaponyera chiswe, iwo osachewuka n'komwe. Dzulo m'mawa ndi pamene anatuluka pakona paja n'kutola chimodzi, kenako china. Akusambira mopendama pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati adzawongoka, koma ali moyo. Sefa ija ikugwira bwino ntchito, ndipo zimenezo zikundipweteka kwambiri, chifukwa m'bokosi lonse loyera bwino lija muli nsomba imodzi yokha.

Marita akubwera mwezi wamawa kudzationetsa mwana. Esinta, pondimvera chisoni, akuti tipite kudambo tikagwire matemba anayi, mlamu wake sangazindikire. N'zoona sangazindikire, matemba amafanana onse. Ndinafika potenga kaukonde, koma ndinakabwezera pamsomali. Marita anandisiyira nsombazi akulira, chifukwa ndinamuuza kuti ndikudziwa bwino kuposa iye. Sindingamuimike patsogolo pa galasi n'kumamuonerera akulankhula ndi nsomba zachilendo poyesa kuti ndi zanu.

Ndiye ndayamba ndi inu, Amayi, popeza eni ake ndinu. Nsomba zanu ndinapha ndine. Sizinafe ndi mvula kapena matope a Shire. Mundikhululukire.

Ndikukulonjezani kuti Marita akadzangotula mwana kumsana, ndidzamuuza zonse monga ndakuuzirani inu. Akadzanena kuti Akalaliki apite ku Tengani, sindidzatsutsa. Ndidzawanyamula ndekha mundowa, ndipo bokosi ndidzalifungata pamiyendo njira yonse, sefa ndidzakammangira komweko.

Ndine mwana wanu amene amakukondani ndi kukusowani tsiku lililonse,
Zuze