Makilo a Agogo Kasiran

Komiti Yoona za Okalamba, mudzi wa Tegalsari, Boyolali
Tsiku: Lachitatu, 9 Okutobala 2024
Malo: Pakhonde pa Wapampando
Opezeka: Mayi Warsiti (Wapampando), Bambo Darmaji (Mlembi), Mayi Endang (Namwino), Bambo Sutarjo. Woitanidwa: Agogo Kasiran.
Opepesa: Mayi Lestari, ng'ombe yawo ikubereka.

1. Kutsegulira
Msonkhano unayamba 3 koloko masana ndi pemphero.

2. Sikelo ya Agogo Kasiran
Wapampando anakumbutsa komiti kuti chimwalirireni akazi awo, Agogo akhala akuwonda, ndipo mwana wawo walumbira kuti akapanda kufika makilo 50 mu Disembala, awagulitsira ng'ombe zawo n'kuwatengera ku Jakarta. N'chifukwa chake mamembala akhala akusinthana kuwapititsira mkaka m'mawa uliwonse, n'kukhala pomwepo mpaka kapu ithe.

Namwino anati Agogo atsika kuchoka pa 47 kufika pa 45. Wapampando, omwe amamwa nawo pofuna kupereka chitsanzo, akwera ndi makilo atatu. Bambo Sutarjo anati makilo a Agogo apezeka kumene anathawira. Anadzudzulidwa, koma Mlembi anaona kuti sananame.

Namwino anafotokoza kuti nkhaniyi ndi ya chibadwa: ambiri kuno mimba zathu zimayamba kuvutika kugaya mkaka tikamakula, pomwe ena ochepa anatengera kwa makolo awo mimba yosakana mkaka. Bambo Sutarjo anafunsa Wapampando kuti: "Amayi, paja agogo anu aamuna anali mzungu wa ku Holland, eti?" Wapampando anati zimenezo sizili pa ndondomeko ya zokambirana.

Atafunsidwa, Agogo anavomera kuti akama ng'ombe zaka makumi anayi, mkaka onse n'kumagulitsa, osaulawako. Chiyambireni kumwa akungotsekula m'mimba.

Wapampando anati: "Aa, Agogo! Miyezi iwiri yonseyi osanena?"

Agogo anati: "Iwe mwanawe, munthu wakwera chitunda chonsechi ndi kapu m'manja, ine ndimukanire? Komanso mkakawo ukasiya kubwera, kwathu kuzibwera ndani?"

Mlembi akuvomera kuti anachita manyazi, pakuti iye ndiye ankawakakamiza kapu yachiwiri.

Chigamulo: mkaka uleke lero. Kusinthana kupitirire, koma wopita azitenga mpunga, mazira ndi tempe (chakudya chopangidwa ndi soya), ndipo azidya nawo mbale imodzi. Onse anagwirizana nazo.

3. Zina ndi zina
Bambo Sutarjo anapempha kuti Wapampando akapita azingoonerera. Pempholi linakanidwa. Agogo anafunsa ngati maulendowa adzathe iwo akadzafika pa 50. Komiti inagamula kuti chigamulo cha lerochi chilibe tsiku lothera.

4. Msonkhano wotsatira
Lachitatu, 13 Novembala, kunyumba kwa Agogo Kasiran. Namwino abweretse sikelo.

Msonkhano unatsekedwa 4:40 madzulo. Agogo anadya tempe yense amene anakonzera komiti, ndipo palibe anadandaula.

Warsiti, Wapampando ____________
Darmaji, Mlembi ____________